Chishango Chonunkha Usipa

Ndisanayambe nditchule mboni zanga, chifukwa pano pa Nsipe pali anthu amene anabadwa ndi nthenda yokayika. Mboni yoyamba ndi a Yotamu Ngozo, msuweni wanga, munthu amene sananamepo chibadwire. Anamwalira dzana lija, koma manda awo sali patali, wofuna akafunse. Yachiwiri ndi a Filimoni Moyo, amene anakhala zaka zisanu ndi zinayi m'migodi ya ku Joni. Makutu anawasiya komweko, choncho powafunsa muzifuula, ndipo chilichonse chimene angayankhe mudziwe kuti akuvomereza. Yachitatu ndi mlongo wanga NaNdau. Iyeyu anaona zonse ndi maso ake, kungoti nkhaniyi ikangoyambika amatuluka panja. Mboni yachinayi ili pakhoma m'nyumba mwanga muno. Siyankhula, imamveka ndi mphuno.

Zinali zaka zija azungu atayamba kutiphunzitsa kusankha anthu okatiyankhulira ku bungwe la kuboma. Mlongo wangayo anakwatiwa kunyanja, m'mudzi wa Namasanga, cha ku Malembo uko. Mwamuna wake, a Lemani Mkwanda, anali mphunzitsi kale, kenako anagula khoka nayamba usodzi. Munthu wabwino ndithu, ngakhale atabwera kuno kudzationa anagwira khasu ngati nkhafi, mudzi wonse n'kusiya ntchito kudzaonerera.

Lolemba lina kunafika kalata. Inati: "Achimwene, alamu anu akupikisana nawo pa chisankho Loweruka lino. Anthu akubwera ambiri pakhomo ndipo chowapatsa chatha. Bwerani ndi matumba atatu a mbatata ya kachewere. Nzeru zanu musiye komweko. Ndine mlongo wanu."

Ndinaiwerenga kawiri. Mbatata ndinali nayo. Koma ndinadzifunsa kuti kodi munthu amakhala wamkulu chifukwa cha mbatata? Kwathu kuno munthu akamakwezedwa timamuvinira ngoma, fumbi likwere, adani ake aone kuti ali ndi abale. Ndinaitana a Yotamu ndi a Filimoni. Tinamanga mtolo: zibiya zathu za zikopa, nthenga za kumutu, manjerenjeza a m'miyendo, zibonga zitatu ndi zishango zitatu. Changa chinali cha malemu agogo anga aamuna, chikopa cha ng'ombe yakuda, chimene chinaona nkhondo zenizeni.

Mkazi wanga anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Kodi kalata ija inatchula zishango?"

"Sinaletse."

"Inati nzeru zanu musiye."

"Izi si nzeru zanga, ndi za makolo."

Lachiwiri m'mawa tinakweza zonse pangolo mpaka pa Boma. Pa sitolo ya mmwenye wina panali lole yopita ku Golomoti kukatenga thonje, ndipo anatiuza kuti inyamuka tsopano lino. Tsopano linoyo inafika Lachitatu masana. Tinakhala pakhonde la sitoloyo mpaka telala wa pamenepo anayamba kutituma madzi.

Dalaivala anali a Wisikesi, munthu wamfupi wovala chipewa chachikulu, amene ankayankhula ndi lole yake mwaulemu kuposa mmene ankayankhulira ndi anthu. Mtengo unali masheleni awiri munthu, sheleni imodzi thumba. Ataona zishango anati nazonso ndi katundu, tiki chilichonse.

"Chishango si katundu, ndi chovala," anatero a Yotamu.

"Ngati ndi chovala, valani."

Ndiye tinavala. Kuchokera pa Boma tinakhala pamwamba pa lole titakoleka zishango m'manja, chifukwa Mngoni salipira tiki pa chinthu chimene agogo ake anayenda nacho ulere kuchokera kummwera.

Tisananyamuke a Wisikesi anatipatsa lamulo la galimoto yawo. "Akuluakulu, mayi awa ali ndi khalidwe lawo. Akalira sayima, akayima salira. Wofuna kutsika adumphe, wofuna kukwera athamange."

Tinalipo anthu ngati khumi ndi awiri, pamodzi ndi mlaliki wina wonyamula ambulera, nkhuku za eni ake, ndi mayi wina wamkulu thupi wokhala pakati pa madengu opanda kanthu. Ameneyu anali Abiti Saizi, wogulitsa nsomba zouma, wa ku Namasanga komweko. Anayang'ana zishango zathu nthawi yaitali.

"Bambo, zikopazi zikupita kuti?"

"Kwanu komweko, mayi. Tikukavinira alamu athu a Mkwanda kuti apambane."

"Kunyanja? Mutanyamula zimenezi?"

"Eya. Anthu a kumeneko sanaonepo ngoma."

"Anaionapo," anatero, n'kutseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti ndi fumbi.

Ndi iyeyu amene anatifotokozera chimene ankalimbirana kunyanjako. Mudzi wonse wa Namasanga ndi midzi ina isanu amakokera makoka awo pa gombe limodzi, la mchenga wosalala, lopanda miyala yong'amba ukonde. Mzungu wina wa maboti a injini ankalifuna gombelo kuti amangepo doko lake ndi mpanda. Nkhaniyo inali yokakambidwa ku bungwe la kuboma, ndipo wosankhidwa Loweruka ndiye akayankhulire anthu. Alamu anga ankati gombe lisapite. Wopikisana nawo, a Bwanali, anali kapitawo wa mzungu yemweyo, ndipo anali atagawa kale mchere ndi mbedza nyumba ndi nyumba.

"Gombe likapita, madengu awa ndizisungiramo chiyani?" anatero Abiti. "Ana anga anayi akula ndi usipa wa pamenepo. Koma anthu kwathu akalawa mchere waulere amaiwala kuti mchere si ndiwo."

"Nanga amasankha bwanji?" anafunsa a Yotamu.

"Munthu amakaima kumbuyo kwa amene akumufuna. Kalaliki amawerenga mitu. Basi."

"Ha, zosavuta," anatero a Filimoni, amene sanamve chilichonse. "Ku Joni tinkadya nyama Lachisanu lililonse."

Potsika phiri kulowera ku Kasinje m'pamene tinadziwa kuti mabuleki a loleyo anatha nkhondo ya Hitila isanayambe. A Wisikesi anapatsa a Filimoni chipika kuti aziyenda nacho m'mbali, lole ikafuna kuthamanga aziponya kunsi kwa tayala. Zinayenda bwino makona atatu. Pa kona yachinayi chipika chinathawira kuphompho, lole inayamba kuimba nyimbo ina, mlaliki anatsegula ambulera, ndipo a Wisikesi anafuula kuti, "Ponyani chilichonse!" A Yotamu anaponya thumba la mbatata. Lole inaima. Thumba loyamba linathera pomwepo, ndipo ndikulumbira pali malemu bambo anga, mpaka lero pa kona imeneyo pamamera mbatata yophwatalala ngati chikhatho. Amayi a kumeneko amaikonda chifukwa sichedwa kupsa.

Koma paja akayima salira. Tinakankha mpaka pa Kasinje, ndipo titafika a Wisikesi anatsegula kumaso kwa lole napeza kuti lamba wa injini waduka. Anati lamba wina abwera pa sitima ya mawa.

Lachinayi lonse tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi njanji. Kutentha kwa kuchigwa kuja si kwa anthu. A Yotamu, amene anali onenepa ndiponso a mphumu, anagona chagada atadzifunditsa chishango ngati kamba. Nkhuku ina inaikira dzira lophikaphika, ndinalidya ndine. Sitima inabwera dzuwa litapendeka, inatsitsa mbuzi imodzi ndi mzungu wa mishoni, n'kupita. Lamba kunalibe.

Pamenepo anthu njala inali itawagwira, ndipo maso onse anali pa matumba anga awiri. Mlaliki anaimirira, natsegula buku, nawerenga za anthu zikwi zisanu amene anadya mikate isanu. Powerengapo sankayang'ana m'buku, ankayang'ana ine. Atafika pa "ameni" amayi anali atasonkha kale moto. Thumba lachiwiri linapita mwa njira ya Mawu.

Lachisanu m'mawa a Wisikesi anayenda mozungulira aliyense akuyang'ana m'chiuno. Anaima pa a Filimoni, amene anali ndi lamba wachikopa wa ku Joni, wotambalala ngati dzanja.

"Akulu, tibwerekeni lambayo."

"Ndili bwino, kaya inu?"

Tinawavula. Lamba anakwana, injini inalira, tonse tinathamanga n'kudumphira. Kuyambira pamenepo a Filimoni anayenda dzanja limodzi chishango, dzanja lina buluku.

Chigwa cha Bwanje sindichifotokoza, ndinachiona ndili chogwada. Mvula yomaliza inali itagwa kumapiri, madzi onse n'kutsikira kumeneko, ndipo dothi lake ndi makande akuda aja amene amagwira mwendo ngati wachibale wosauka. Lole inatitimira katatu. Kachitatu, pafupi ndi mphambano imene njira ya kunyanja imapatukira, inamira mpaka m'mimba. Tinaika udzu, tinaika nthambi, tinaika ambulera ya mlaliki. A Wisikesi anayang'ana thumba lotsala.

"Iyayi," ndinatero. "Limeneli ndi la chisankho."

"Ndiye chisankhocho chichitikire pompano."

Tinakhuthulira mbatata kunsi kwa matayala. Matayala anazungulira, mbatata inauluka ngati zipolopolo, imodzi inagwetsa chipewa cha mlaliki, koma lole sinasunthe. Tinagona pomwepo.

Loweruka kutacha tinadziyang'ana. Matope kuyambira kuphazi mpaka m'makutu. Sitikanakaonekera kwa alamu chomwecho. Tinatsikira kukhwawa, tinasamba, tinachapa malaya ndi mabuluku, n'kuziyanika pa matabwa a m'mbali mwa lole. Mtolo wa zovinira tinautsitsa, popeza apa m'pamene tinkapatukira, ndipo podikira kuti zovala ziume tinadzimangira zibiya m'chiuno. Abiti Saizi nayenso anatsitsa madengu ake.

Usiku madzi anali ataphwerako. A Wisikesi anati tiyese komaliza. Anapukusa chitsulo cholizira injini, ife tinaika mapewa. Lole inatsokomola, inabuula, inatuluka m'matope ngati mvuu, ndipo inalira.

Akalira sayima.

Tinaima pamsewu tikuyang'ana mabuluku athu akutibayibitsa mpaka anakhota. A Wisikesi anatulutsa dzanja pawindo. Kaya kunali kupepesa kaya kutsanzika, sindidziwa.

"Mbatata yatha, mabuluku apita," anatero a Yotamu. "Msuweni, tatsala ndi chiyani?"

"Nzeru zija anakana," ndinatero.

Abiti Saizi anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo nkhope yake inasintha ngati ya munthu amene watola ndalama pamsewu.

"Bambo, valani zonse. Nthenga zomwe, mabelu omwe. Ine nditsogole ndikawakonze mitima. Mukafika pa bango loyandikira mudzi musatulukire kunjira, mudzere m'bangomo. Ndipo muimbe mokweza, zibonga m'mwamba."

Ndinauza a Yotamu kuti mayiyu tsopano wazindikira kukoma kwa chikhalidwe.

Tinayenda maola atatu. Nyanja ndinaiona, ndi madzi ambiri. Chimene ndinayang'anitsitsa, titasuzumira m'bango, ndi bwalo la pansi pa mkuyu pafupi ndi gombe. Panali tebulo, Bwana Disi, mzungu wolamulira bomalo, atakhala pampando akudzipepesa ndi chipewa, kalaliki ali chilili ndi pensulo, ndi mizere iwiri. Mzere wa a Bwanali unali wautali ngati wa tsiku la msonkho, unakafika mpaka pa matandala oyanikira nsomba. Kumbuyo kwa alamu anga kunali mlongo wanga, Abiti Saizi, nkhalamba zisanu ndi ziwiri, ndi galu amene ndikuganiza kuti ankangofuna mthunzi.

Mtima unandipweteka. Ndinati, "Amuna inu, tiyeni timuchotse manyazi mlamu."

Tinatuluka m'bango. Ine patsogolo ndi chishango chakuda, ndikuponda pansi mpaka mchenga kudumpha. A Yotamu pambuyo, mphumu ikulira m'chifuwa ngati nyalugwe. A Filimoni atavala majombo a kumgodi, maso ali psuu, akuimba nyimbo ina yosiyana ndi yathu, ya chilankhulo cha ku Joni, imene ndinamva pambuyo pake kuti imanena za phala lopanda shuga.

Pamenepo Abiti Saizi, mayi amene anadya mbatata yanga pa Kasinje, anaika manja kumutu nakuwa ndi mawu ong'amba thambo:

"Mayo! Angoni! Angoni abweranso! Thawirani kumbuyo kwa a Mkwanda, Angoni sapha mkamwini wawo!"

Abale anga, ndinaonapo ng'ombe zikuthawa njuchi, koma sizinafike pamenepo. Mzere wa a Bwanali unasweka ngati mphika. Amuna, amayi, ana kumsana, onse anathamangira kumbuyo kwa alamu anga, aliyense akufuna kuti mnzake akhale kutsogolo, mwakuti mzere unadziwongola wokha mpaka m'madzi. Omalizira anaima madzi ali m'chiuno. A Bwanali eni ake anapezeka achitatu pamzerewo, atagwira nsalu ya mlongo wanga.

Ine ndinaona ngati akutipatsa bwalo, ndiye ndinawonjezera moto.

Bwana Disi anafunsa kalaliki kuti chikuchitika n'chiyani. Kalalikiyo, amene anali ndi njala ndipo ankafuna kubwerera, anati, "Ndi mwambo wawo, bwana. Akatsimikiza mtima amathamanga." Bwana anagwedeza mutu, anatijambula chithunzi, nati awerenge. Anawerenga mitu yonse, wa a Bwanali womwe.

Fumbi litatsika, anthu anayamba kutiona bwino. Anaona kuti nkhondo yonse ndi amuna atatu, mmodzi wakhala pansi akufunafuna mpweya, wina akuvinabe yekha chifukwa sanamve kuti nyimbo yatha. A Bwanali analumpha.

"Bwana, ichi si chisankho! Anthuwa anaima uku chifukwa cha mantha!"

Bwana Disi anati chabwino, chilungamo chichitike. Aliyense amene anaima kumbuyo kwa a Mkwanda chifukwa choopa, abwerere kumene anali.

Anthu anangoyang'anana. Amenewa ndi amuna opalasa bwato pa mphepo ya mwera, olanda ukonde m'kamwa mwa ng'ona. Ndani akanatuluka pamaso pa mkazi wake ndi apongozi ake kuvomera kuti anathawa a Yotamu? Mkulu wina amene anali m'madzi mpaka m'chiuno anafuula kuti, "Ine ndinali wa a Mkwanda chiyambire, kwa a Bwanali uko ndinangopita kukafunsa nthawi!" Wina anati iye anathamanga chifukwa anakumbukira za gombe. Posakhalitsa aliyense anali atakumbukira za gombe, ndipo anayamba kukalipira a Bwanali kuti mchere wawo unali wonyowa. Palibe anasuntha. Alamu anga anapambana.

Ndinkayembekeza nthungululu. M'malo mwake anthu anapatuka, ndipo panatulukira nkhalamba ina yoonda, imodzi mwa zisanu ndi ziwiri zija, dzina lake a Kapalasa, wosoka maukonde. Iyeyu sanathawe. Anabwera pang'onopang'ono nagwira chishango changa ndi zala zake zokhota.

"Mwanawe, ukudziwa chimene wanyamula?"

"Ndi cha agogo anga, bambo."

"Ndikudziwa. Ndinachiona ndili msinkhu uwu, kapena china chonga ichi. Chinatulukira m'bango lomwelo. Azakhali anga anandimiza m'madzi mpaka m'khosi atanditseka pakamwa. Amayi anga anawatenga, anapita kumapiri kwanuko atasenza katundu wa mwini chishango. Sanabwerenso." Anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali. "Mphuno yakoyo si ya Chingoni."

Ndinafuna kuyankha, koma ndinakumbukira agogo anga aakazi, amene sankadziwa kuvina ngoma, amene ankatchula mawu ena mwachilendo, ndipo pomwalira sanapemphe nyama kapena mowa, anapempha usipa.

"Chisiye kuno," anatero a Kapalasa. "Chinadya zambiri pa gombe lino. Chigwireko ntchito."

Ndinachisiya.

Mlongo wanga anadikira mpaka titalowa m'nyumba. Anatiponyera nsalu zake zitatu kuti tifunde.

"Achimwene, mbatata ili kuti?"

"Ndi nkhani yaitali, mlongo."

"Buluku lili kuti?"

"Ndi nkhani yomweyo."

"Ndinalemba chiyani m'kalata?"

"Koma alamu apambana."

"Apambana, inde. Ine ndiye ndizikatunga madzi ndi amayi amene anataya ana awo pamchenga pothawa achimwene anga a nthenga kumutu." Anatembenukira kwa a Filimoni. "Nanunso, bambo aakulu ngati inu?"

"Zikomo, mayi," anatero a Filimoni, "tadya kale."

Tinabwerera pa sitima ya pamtunda titavala nsalu za maluwa. Za mmene tinalowera pa Nsipe sindinena, popeza mboni zake zilipo zambiri ndipo zonse zili moyo.

Alamu anakayankhula ku bungwe kuja, anayankhula mpaka azungu anatopa, ndipo mpanda sunamangidwe. Makoka akukokedwabe pa gombe la Namasanga. Chishango cha agogo, ndinamva, a Kapalasa ankachigwiritsa ntchito yoolera usipa kuchokera m'bwato kupita pathandala, ndipo ankati m'moyo wawo sanaonepo lichero lolimba chotero.

Patapita miyezi isanu, tsiku lina masana, ndinamva kulira kumene ndinakudziwa. Ndinathamangira kumsewu. Lole ija inkabwera, ndipo popeza siyima, a Wisikesi anangotsegula chitseko n'kukankhira chinthu pansi ikuyenda. Pamene ankatulutsa mwendo ndinaona buluku langa, atalipinda kawiri m'munsi.

"Likukukwanani?" ndinafuula.

"M'chiuno mokha!" anayankha, n'kupita.

Pamsewu panali chishango chakuda, atachimanga ndi luzi, chodzaza usipa wouma mpaka pamwamba. Pakati pa usipawo panali kapepala ka dzanja la mlongo wanga: "A Kapalasa akuti perekani kwa adzukulu a mayi awo, ngati aliko. Akuti mlandu watha. Chisankho china mudzatumize mbatata yokha."

Usipawo tinadya mwezi wathunthu, ndipo ndinagawirako nyumba zonse za mphuno ngati yanga, zimene zinapezeka zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Chishango ndinachitsuka ndi phulusa, ndi sopo, ndi mandimu, ndinachiyanika padenga chilimwe chonse. Sizinathandize. Ndimavinabe nacho ngoma ikalira, koma amandiika kumapeto kwa mzere, kumene mphepo ikupita, ndipo pambuyo panga pamabwera amphaka onse a pa Nsipe, ali ndii pamzere, ngati akudikira kalaliki.